Wodwala wa papepala

Mwezi wa June kwa Maganga mwera umayamba kuwomba kusanache, ndipo pofika masana mchenga umakhala utalowa paliponse, m'mbale, m'maso, ngakhale pakati pa masamba a buku. Masiku oterewa asodzi ambiri a ku Senga Bay ndi madooko oyandikana nawo amakokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi pa mitengo kusoka maukonde. Linali tsiku lotere pamene mtsikana wina, amene anali atangomaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba, anatulukira pakhomo pa amjomba ake atapanira jumbo ya mapepala m'khwapa. Mjomba wakeyo ndiye mlembi wa nkhaniyi, mkulu amene anagwira ntchito ya clinical officer zaka zambiri asanapume, ndipo pamudzi amamutchulabe kuti adokotala.

Atapatsana moni, mtsikanayo anakhala pamphasa n'kupsinja jumbo ija ndi mwala kuti mphepo isaulutse mapepala.

"Amjomba, ine zinthu ndimazidziwa," anatero. "Mutandifunsa pakamwa ndikhoza kuyankha zonse. Koma zikangokhala papepala, funso lotalika ngati kalata, mutu umandizungulira. Ndikamafika pansi ndimakhala nditaiwala za pamwamba."

M'Malawi muno kumaliza koleji sikokwanira kuti munthu ayambe kugwira odwala payekha. Namwino ndi mzamba ayenera kukhoza mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa mu 1966, asanalowe m'kaundula ndi kulandira chiphaso. Madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant amalembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe lomwe linadza ndi lamulo la 1987. Ophunzira unamwino amangoti mayeso a Khonsolo, ndipo dzinali likatchulidwa m'mahositelo a ku Nkhoma, ku Malosa, ku Ekwendeni kapena ku Kamuzu University of Health Sciences, phokoso limatsika. Pokonzekera amatumizirana pa WhatsApp mafunso ochonga mazanamazana, ena olembedwa ndi aphunzitsi awo, ena otengedwa m'mabuku a ku America ndi ku Britain. Mapepala a mujumbo aja anali a mtundu umenewu.

Mkuluyo anasolola pepala limodzi. Funso lake linali la mizere 12, m'Chingerezi. Mayi wa zaka 19, mimba yoyamba ya masabata 36, wabwera mutu ukumuwawa kwambiri ndipo akuona zinthu mwachimbuuzi. BP yake ndi 170/115, mumkodzo mwapezeka puloteni, mapazi atupa. Amugoneka m'chipatala ndipo amubaya magnesium sulphate. Kenaka panali za mwana wa m'mimba, kuti mtima wake ukugunda bwino, za sikelo imene mayiyo anayamba mochedwa, za amayi ake amene amadwala shuga. Chakumapeto, mu mzere umodzi wosaoneka ngati kanthu, panalembedwa kuti patatha maola 4 mayiyo akupuma ka 10 pa mphindi, akamugogoda pabondo mwendo sukudumpha, ndipo mkodzo watuluka wochepa kwambiri. Pansi penipeni ndiye panali funso: namwino achite chiyani choyamba?

Mtsikanayo anali atachonga yankho lakuti amubayenso magnesium sulphate pa nthawi yake.

"Bwanji unasankha limeneli, mwana wanga?"

"Si pre-eclampsia imeneyi, amjomba? BP yakwera, puloteni ilipo, mutu ukuwawa. Mankhwala ake ndi magnesium, kuti asayambe kukomoka."

Matenda anawadziwa, mankhwala ake anawadziwanso, koma jakisoni ameneyo akanatha kumupha mayiyo. Magnesium ikachuluka m'thupi imayamba yazimitsa kudumpha kwa mwendo kuja, kenaka imafooketsa kupuma, ndipo popeza imatuluka kudzera mu impso, mkodzo ukachepa mankhwalawo amangounjikana. N'chifukwa chake malangizo a World Health Organization amati mlingo wotsatira uimitsidwe ngati mayi akupuma kosakwana ka 16 pa mphindi, ngati mwendo wasiya kudumpha, kapena ngati mkodzo sukufika mamililita 30 pa ola, ndipo calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium, ikhale pafupi. Mkuluyo atangoyambitsa mawu amenewa, mtsikanayo anawamaliza yekha pamtima, osaphonya nambala ngakhale imodzi. Vuto linali lakuti anasiya kuwerenga pa mzere wachitatu. Maso anapitirira kutsika mpaka pansi, koma mutu unali utagamula kale mlandu.

Mkuluyo sanamukalipire. Cholakwa chimenecho anachizindikira, chifukwa nayenso anachichitapo, ndipo iyeyo anachichita pa munthu wamoyo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ankagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja. Inali nyengo ya dzinja, pamene mabenchi amadzaza kuyambira m'mamawa ndipo mwana aliyense wotentha thupi munthu umangomuganizira malungo. Tizipangizo toyezera malungo pachala, tomwe tili ponseponse lero, nthawi imeneyo kunalibe. Dziko linali litasiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba Fansidar, ndipo dzanja linkalemba dzinali lokha, mutu usanalamule. Kunalowa mayi ndi khanda la miyezi 7. "Watentha thupi kuyambira dzana, adokotala, ndiye usiku wathawu..." Mkuluyo anamudula pakamwa. Kutentha thupi, kusanza pang'ono, dzinja: malungo. Analemba pa tikiti. Mayiyo anabereka mwana wake, ndipo ali pakhomo ananena motsitsa mawu kuti liwombo likuoneka ngati lakwera. Mawuwo analowa m'khutu, koma maso anali kale pa wodwala wotsatira. Patapita masiku awiri mwanayo anabwera akukomoka, khosi litauma gwa. Ku chipatala chachikulu anapeza kuti anali matenda oumitsa khosi. Mwanayo anachira, koma makutu ake sanamvenso.

Patapita zaka mkuluyo anadzawerenga kuti chizolowezi chimenechi chili paliponse. Mu 1984 ofufuza awiri a ku America, Howard Beckman ndi Richard Frankel, anajambula mawu pa maulendo 74 a odwala kwa madokotala, ndipo anapeza kuti wodwala ankadulidwa pakamwa patangotha masekondi pafupifupi 18 chiyambire kufotokoza. Osakwana mmodzi mwa anayi ndiwo anafika kumapeto kwa zimene anayamba kunena. Chonsecho mu 1975 John Hampton ndi anzake ku Nottingham anali ataonetsa kale kuti mwa odwala 80 atsopano, 66 matenda awo anadziwika kuchokera m'kalata yowatumiza ndi m'nkhani imene anafotokoza okha, dokotala asanawagwire n'komwe. Yankho limakhala m'nkhani, ndipo nkhaniyo ndi imene anthu a chipatala amafulumira kuidula.

Pa chifukwa chimenechi mkuluyo sagwirizana ndi ophunzira amene amati funso lalitali ndi nkhanza za olemba mayeso. Wodwala sabwera ndi mutu wa nkhani pachipumi. Mayi wa kwa Maganga akalowa m'chipinda amayambira pa kabaza amene wamudulitsa, amadzera kwa amuna ake amene ali ku Joni, amatchula mapilitsi amene anagula pagolosale, ndipo chimene chamubweretsa amachinena atagwira kale chitseko. Funso la mizere 12 ndi mayi yemweyu, kungoti amugoneka papepala. Funso lalifupi, lofunsa kuti mankhwala a likodzo ndi ati, limayeza kuloweza basi, ndipo mwana aliyense wa pulayimale amene anamwapo praziquantel kusukulu akhoza kulikhoza. Mwina si ambiri amadziwa kuti mafunso ochonga anayamba ngati mayeso a kuwerenga: Frederick J. Kelly anawagwiritsa ntchito cha m'ma 1915 ku Kansas pofuna kuona ngati ana akumva zimene akuwerenga chamumtima. Mpaka lero chimene amayamba kuyeza ndi chomwecho.

Tsiku lotsatira anayamba ntchito pakhonde, ndipo mkuluyo anayamba ndi chitsanzo cha kubwalo la milandu. Kwa mfumu wodandaula amatha kuyambira kwa agogo ake, kudzera pa ukwati wa achemwali ake, mpaka kufika pa mbuzi imene inadya chinangwa. Nduna yodziwa ntchito imayamba yafunsa kuti, "Kodi mwabwera ndi mlandu wanji, wa malire kapena wa mbuzi?" Ikadziwa imamvetsera nkhani yonse osadula, koma khutu limakhala likudziwa chotola. Momwemonso ndi funso la mayeso. Mzere womaliza, umene uli ndi chizindikiro cha funso, uwerengedwe koyamba. Nkhani imodzi ya mayi wa magnesium ija ikhoza kubala mafunso asanu: matenda ake ndi ati, chimene chawayambitsa n'chiyani, ayezedwe chiyani, apatsidwe chiyani, achitidwe chiyani choyamba. Wowerenga amene sakudziwa kuti afunsidwa liti mwa amenewa amanyamula zonse mofanana, ndipo akamafika pansi manja amakhala atadzaza.

Aphunzitsi ena amalangiza kuti wophunzira asuzumirenso mayankho asanayambe nkhani. Mkuluyo amakana, makamaka kwa munthu wofulumira ngati mwana wa mlongo wakeyu. Mayankho anayi aja, atatu anaikidwa dala kuti akope, ndipo diso likangoona mawu akuti magnesium pa A, nkhani yonse imawerengedwa pofunafuna umboni woti A ndi wolondola.

Akadziwa funso, abwerere pamwamba ndi kuwerenga zonse, mzere ndi mzere, osadumpha. Apa pali chinthu chothandiza chimene ophunzira ambiri sauzidwa. Nkhani za odwala m'mayeso zimalembedwa motsata dongosolo limodzi, lomwe ndi la m'mafayilo a chipatala: zaka za wodwala, mwamuna kapena mkazi, chomwe chamubweretsa, chinayamba liti, mbiri yake, zimene zapezeka pomuyeza, kenaka zotsatira za ku labu. Chimene chasintha posachedwa chimakhala chakumapeto, ndiye wosiyira panjira amaphonya gawo lotentha kwambiri. Ndipo nambala ya pa mzere woyamba ndi imene imapereka tanthauzo ku nambala ya pa mzere wachisanu ndi chinayi. Mwana wopuma ka 44 pa mphindi, ngati ali ndi miyezi 8, kupuma kwake sikunafike pa malire a ka 50 amene amatsatidwa pa msinkhu umenewo. Ngati ali ndi zaka 3, wadutsa malire a ka 40, ndipo chibayo chiyenera kuganiziridwa. Nambala ndi imodzimodzi, mayankho ndi awiri. Ichi ndi chifukwa chakenso kuloweza mayankho a mafunso akale, ngakhale kudalira likasa, kumagwiritsa anthu fuwa lamoto: wolemba mayeso amangosintha zaka za mwana, ndipo B wa chaka chatha amasanduka D.

Chimene mkuluyo anaumirira kwambiri chinali china, chimene sanachipeze m'buku lililonse. Mtsikanayo akamaliza kuwerenga, ankamuuza kuti atembenuze pepala ndi kunena m'Chichewa, kapena m'Chiyao cha kwa amayi ake, m'chiganizo chimodzi, kuti wodwalayu ndi ndani. Masiku oyamba ankabwereza Chingerezi cha papepala, mawu ndi mawu, ngati wophunzira wa Sitandade 6 amene waloweza ndime. Mkuluyo ankapukusa mutu. "Undiuze ngati ukuuza namwino mnzako amene akukulandira ntchito usiku." Pang'onopang'ono zinayamba kutuluka: mayi wa pre-eclampsia amene magnesium yamuchulukira, mwana wa malungo aakulu amene shuga wamutsikira, bambo wa TB amene mankhwala amupweteka chiwindi. Munthu akhoza kubwereza chiganizo cha Chingerezi osachimva, koma kuchinena m'chilankhulo cha kwawo sangathe asanachimvetse. Pamene mtsikanayo ankakakamira, pomwepo ndi pamene panali dzenje.

Akatero ankaphimba mayankho ndi chikhatho n'kunena yankho lake. Njira imeneyi inachokera kwa olemba mayeso eni ake. Susan Case ndi David Swanson, m'buku limene analembera bungwe la National Board of Medical Examiners ku America lophunzitsa kalembedwe ka mafunso, anaika lamulo lakuti funso labwino liyenera kuyankhika mayankho ataphimbidwa. Ngati wolemba amayeza funso lake motero, woyankha ali ndi ufulu wochita chimodzimodzi. Amafika pa A, B, C, D ali ndi katundu wake kale m'manja, ndipo amangofuna pamene pali dzina lake.

Kenaka panali Chingerezi, ndipo apa mpamene anakhalitsa masabata ambiri.

Mtsikanayu anakulira m'Chiyao kunyumba, Chichewa kubwalo la masewera ndi m'makalasi oyamba a pulayimale, Chiarabu ku madrasa, ndipo monga ana ambiri a msinkhu wake Chingerezi chinakhala chilankhulo chophunzirira kuyambira Sitandade 5. Mawu aakulu a chipatala samuvuta, chifukwa anawaphunzira limodzi ndi tanthauzo lake. Omugwetsa ndi ang'onoang'ono. "First", "initial" ndi "next" amafunsa za dongosolo la nthawi, pamene "most appropriate" amafunsa choyenera koposa, ndipo yankho la mafunso awiriwa pa wodwala mmodzi likhoza kusiyana. "Most likely" amavomereza kuti mayankho ena ndi otheka, kungoti limodzi likuposa. "Except" ndi "least" amatembenuza funso lonse chadodolido, moti wodziwa bwino nkhaniyo ndi amene amagwa msanga, chifukwa amaona chinthu choona pa A n'kuchonga mosangalala. Funso likati wodwala "denies" kutsokomola, mwana wa kuno amamva ngati wodwalayo akukana mlandu, kuti mwina pali chimene akubisa, pamene tanthauzo lake n'lakuti sakutsokomola basi. "Unremarkable" ndi kunena kuti palibe chachilendo chapezeka. Mkuluyo anamupatsa pensulo kuti azizunguliza mawu oterewa asanachite china chilichonse, ndipo pa tsamba lomaliza la kope lake anayamba kaundula wa mawu onse amene anamupunthwitsapo.

Chilankhulo chimadyanso nthawi, ndipo izi zimaoneka bwino pa mayeso a kunja amene madokotala ndi anamwino athu ena amakalemba. PLAB 1, mayeso a General Medical Council ku Britain, ali ndi mafunso 180 pa maola 3, kutanthauza mphindi imodzi pa funso. USMLE Step 1 ya ku America kwa zaka zambiri yakhala ndi mafunso ofika 40 pa ola, masekondi 90 lililonse. Marc Brysbaert wa ku yunivesite ya Ghent, ataunika kafukufuku wambiri mu 2019, anapeza kuti munthu wamkulu amawerenga Chingerezi chamumtima mawu pafupifupi 238 pa mphindi. Funso la mawu 150 limamudyera masekondi 38. Amene liwiro lake ndi theka la limenelo amadya masekondi 76, ndipo akati abwereze kachiwiri nthawi yatha asanayambe n'komwe kuganiza. Wophunzira wamantha akaona izi amathamanga, akathamanga samva, akapanda kumva amabwereza katatu. Kuwerenga kamodzi modekha kumatha msanga kuposa pamenepo. Mtsikanayo anayamba kutchera wotchi ya pafoni, mafunso 10 pa mphindi 15, ndipo funso lokanika ankaliika kadontho n'kupitirira, kudzalibwerera kumapeto.

Nanga mayankho onse anayi akakhala oona? Izi zimachitika kawirikawiri pa mafunso a "choyamba n'chiyani". Mwana wafika ali chikomokere, akupuma movutika, ndipo mayankho ndi kuyeza malungo, kuyeza shuga, kutsegula njira ya mpweya, kuitana dokotala. Zonsezi zidzachitika mphindi zisanu zisanathe. Apa mkuluyo ankamukumbutsa kuti dongosolo lake analiphunzira kale, ndipo ndi la kwathu konkuno. ETAT, njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere ndi kuwathandiza msanga, inakhwimira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'manja mwa Professor Elizabeth Molyneux ndi anzake, World Health Organization n'kuifalitsa ku mayiko ena. Imayamba ndi njira ya mpweya ndi kupuma, kenaka kayendedwe ka magazi, chikomokere, kukomoka ndi kutha madzi m'thupi. Chimene chingaphe mwana msanga ndicho chimayamba, pa benchi ndi papepala pomwe.

Panali chikhulupiriro china chimene mtsikanayo anabwera nacho kuchokera kusekondale, chakuti yankho loyamba silisinthidwa. Aphunzitsi ambiri amalalika zimenezi ndi mtima wonse, koma umboni suli mbali yawo. Mu 2005 Justin Kruger, Derrick Wirtz ndi Dale Miller anafufuza pofufutidwa m'mapepala a ophunzira oposa 1,500 a ku University of Illinois. Mwa mayankho amene anasinthidwa, 51 pa 100 alionse anachoka polakwa kupita pokhoza, ndipo 25 pa 100 okha ndiwo anachoka pokhoza kupita polakwa. Kungoti funso limene munthu analiwononga posintha limamupweteka ndi kukumbukika kuposa asanu amene anawapulumutsa. Lamulo la pakhonde lija linali lakuti asinthe ngati angaloze ndi chala mzere umene wamusinthitsa maganizo. Ngati chomusinthitsa ndi kugunda kwa mtima kokha, asiye momwemo.

Madzulo ena mtsikanayo anaseka yekha ali ndi foni m'manja. Anali atapeza funso la ku Britain: mnyamata wa zaka 22 wabwerera kwawo kuchokera ku Africa, akukodza magazi chakumapeto kwa mkodzo, ndipo miyezi ingapo yapitayo anasambira m'nyanja ya Malawi. Nyanja yomweyi, imene inali kuwinduka mamita ochepa kuchokera pakhondepo, kwa olemba mayeso a kunja ndi chizindikiro cha likodzo. Mbiri imeneyi inakula mu 1996 pamene Martin Cetron ndi anzake anasindikiza mu The Lancet kafukufuku wosonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse mwa anthu a kunja okhala m'Malawi amene anayezedwa magazi anali ndi zizindikiro zakuti tizilomboti tinawalowapo. Wophunzira wa ku London amaloweza zimenezi ngati chinthu chachilendo, pamene mwana wa kwa Maganga anakula akuona anzake akukodza magazi.

Kuseka kutatha, mkuluyo anamuonetsa mbali ina ya nkhani yomweyo. Funso lililonse lili ndi kwawo. La ku America likati mwana watentha thupi, malungo ali kutali kwambiri pokhapokha atatchula ulendo, ndipo likafunsa choyenera kuchita limaganiza kuti makina a CT ali kuseri kwa chitseko. Shuga limamulemba mu mg/dL, moti 40 wa kumeneko ndi 2.2 mmol/L, ndipo wosazindikira amadutsa pa mwana woti afa ngati palibe kanthu. Mabuku a kunja ndi abwino pophunzirira kuwerenga, koma pa mayeso a kuno yankho lichokere m'malangizo a Unduna wa Zaumoyo, momwe mankhwala oyamba a malungo osaopsa ndi LA kuyambira 2007. Wophunzira adzifunse kuti wodwala wa papepalayu wagona m'chipatala cha dziko liti.

Pofika September mwera unali utagwa, ndipo usiku nyali za asodzi a usipa zinayambanso kundandalika panyanja. Tsiku lina mtsikanayo anawerenga funso la mwana wa zaka 2 wotentha thupi, amene kachipangizo ka pachala kanasonyeza malungo. Anatsika mpaka pansi, anatembenuza pepala, n'kunena kuti, "Uyu ndi mwana amene anamaliza LA masiku 10 apitawo, ndiye kachipangizoko kakhoza kusonyezabe malungo ngakhale atachira, ndipo khosi lauma. Ndikuopa matenda oumitsa khosi, amjomba." Ananena zoona: tizipangizo tambiri timapeza puloteni ya tizilombo ta malungo imene imatsalira m'magazi masabata angapo munthu atamwa mankhwala. Mkuluyo anangogwedeza mutu n'kumupatsa pepala lotsatira. Nkhani ya liwombo ija anali asanamuuze, ndipo anamuuza usiku womwewo.

Namwino amene amatuluka m'makoleji athu nthawi zambiri amakapezeka yekha usiku pa chipatala cha kumudzi, dokotala ali makilomita ambiri kutali, ambulansi ili kwina. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sunalambalale Salima, unaonetsa kuchuluka kwa zimene zimagona pa maso ndi makutu a munthu mmodzi ameneyu, amene ayenera kusankha msanga kuti uyu amwe thanzi ORS, uyo aikidwe diripi. Mayeso amene amamuyeza ngati amamva nkhani mpaka kumapeto ndi oyenera, ndipo asafupikitsidwe. Koma olemba mafunso awatalikitse ndi zochitika za wodwala, Chingerezi chake chikhale chowongoka, chopanda mawu okuluwika ndi "not" awiri m'chiganizo chimodzi, kuti mwana wa kunyanja agwe pa unamwino ngati sakuudziwa, osati pa galamala.

Ndipo kwa aphunzitsi a m'makoleji a zaumoyo, a boma ndi a mishoni omwe, pempho la mkuluyo ndi ili. Ophunzira anu mumawaphunzitsa kubaya jakisoni powagwira dzanja, koma kuwerenga funso mumawasiyira okha ngati kuti anabadwa nako. Khalani nawo pansi, muwerenge funso limodzi mokweza, mzere ndi mzere, aliyense anene m'chilankhulo chake kuti wodwalayu ndi ndani, mayankho ataphimbidwa. Ola limodzi pa sabata n'lokwanira, ndipo liyambe chaka choyamba, osadikira mwezi wa mayeso.